Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Nthenda yoyambira kumapazi

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe dokotala anatchula dzina la nthenda imene inandigoneka, Guillain-Barré. Lero za ine ndayamba ndaziika pambali. Ndikufuna ndifotokoze zizindikiro zake bwinobwino, chifukwa nthendayi imathamanga, ndipo masiku amene banja limataya likuti "tione mawa" ndi omwe amafunika kwambiri.

Dzinali ndi la madokotala a ku France, Georges Guillain ndi Jean Alexandre Barré, omwe pamodzi ndi André Strohl anaifotokoza mu 1916 ataiona pa asilikali awiri. Chimachitika ndi ichi: chitetezo cha m'thupi, pofuna kupha kachilombo, chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga mitsempha yotenga mauthenga pakati pa mtsempha waukulu wa m'kati mwa fupa la msana ndi ziwalo. Mitsempha yambiri ili ndi chikuto, ngati waya wa magetsi. Chikutocho chikasupuka, uthenga umafika mochedwa kapena sufika n'komwe. Odwala awiri mwa atatu aliwonse amakhala kuti anatsegula m'mimba kapena anadwala chimfine masabata ochepa m'mbuyomo. Kachilombo kodziwika kwambiri ndi Campylobacter, kamene kamapezeka m'nyama ya nkhuku yosapsa. Nthendayi siyopatsirana, ndipo wodwala sanaponde mankhwala a munthu.

Imayamba ndi dzanzi ndi kunyerenyesa ku zala za kumapazi, nthawi zina ndi za kumanja. Ambiri amamvanso ululu waukulu kumsana ndi m'ntchafu, makamaka usiku. Kenaka miyendo imalemera. Masilipasi amavuka poyenda mwiniwake osamva, phazi limakhukhuluza pansi, masitepe amakanika. Chizindikiro chimene anthu amachita nacho manyazi kunena ndi cha kuchimbudzi: munthu akanjuta amalephera kudzuka mpaka atagwira khoma.

Pali zinthu ziwiri zoti muyang'anitsitse. Choyamba, kufookako kumagwira mbali zonse ziwiri mofanana. Sitiroko imagwira mbali imodzi ndipo imabwera mwadzidzidzi. Iyi imagwira miyendo yonse, n'kumakwera. Chachiwiri ndi liwiro lake. Lolemba ndi mapazi, Lachitatu mawondo, pofika Lachisanu manja akulephera kumanga mabatani kapena kutema mbamu ya nsima. Ambiri amafika pachimake mkati mwa masabata awiri, ndipo sipapitirira masabata anayi. Kawirikawiri thupi silitentha, n'chifukwa chake achibale amaiderera.

Ikafika kumutu, nkhope imagwa mbali zonse, maso satsekeka bwino, mawu amatulukira m'mphuno, madzi ndi phala zimatsamwitsa. Pali mtundu wina wotchedwa Miller Fisher womwe umayambira m'maso: munthu amaona zinthu ziwiriziwiri ndipo amadzandira poyenda.

Choopsa koposa ndi kupuma. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi amafunika makina omuthandiza kupuma ku ICU, chifukwa minofu ya pachifuwa nayo imafooka. Vuto lake n'lakuti wodwalayu sabanika moonekera ngati wa mphumu. Amangokhala phee, kumapuma pang'onopang'ono. Kachida kopana chala koyezera okosijeni kamatha kuonetsa 97, nambala yooneka yabwino, pomwe mphamvu yopumira yatsala pang'ono kutha, chifukwa nambalayo imatsika mochedwa. Muyeseni motere: akoke mpweya wambiri, ndiye awerenge mokweza kuyambira 1 osapumiranso. Akalephera kufika 20, kapena ngati nambala ya madzulo yachepa kuyerekeza ndi ya m'mawa, uzani namwino nthawi yomweyo. Onaninso ngati akutha kudzutsa mutu papilo komanso ngati chifuwa chake chili ndi mphamvu potsokomola. Khosi likafooka, kupuma kumakhala kuli pafupi kutsatira.

Mitsempha yoyendetsa mtima imakhudzidwanso. BP imakwera n'kutsika tsiku lomwelo, mtima umathamanga kapena kugunda mochedwa, mkodzo umatha kukanika kutuluka, m'mimba mumadzimbidwa.

Kuchipatala dokotala amagogoda pabondo ndi kanyundo. Mwendo wa wodwala nthendayi sudumpha. Amapopa madzi a kumsana, ndipo amapeza mapuloteni ochuluka koma maselo oyera ochepa. Sabata yoyamba madziwa amatha kuoneka abwinobwino, ndiye zotsatira zabwino sizitanthauza kuti nthenda palibe. Amayezanso HIV ndi mchere wa potaziyamu m'magazi, komanso amafufuza TB ya msana, popeza zonsezi zimatha kupha miyendo. Akakhala mwana wosakwana zaka 15, amatenga chimbudzi chake kawiri kukayeza poliyo, yomwe inapezekanso kwa mwana wa ku Lilongwe mu February 2022. Poliyo imabwera ndi kutentha thupi ndipo nthawi zambiri imapha mwendo umodzi kuposa unzake.

Mankhwala otsimikizika ndi awiri. Ena ndi a diripi otchedwa IVIG, magalamu 0.4 pa kilogalamu iliyonse ya thupi tsiku lililonse kwa masiku asanu. Wolemera makilogalamu 60 amalandira magalamu 120 onse pamodzi, ndipo ndi okwera mtengo zedi. Njira ina ndi yosefa madzi a m'magazi pamakina, pafupifupi kasanu. Mapilitsi ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone sathandiza, musataye ndalama kufamase.

Kwa wodwazika ntchito ndi iyi: kumutembenuza maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda m'matako ndi m'zidendene, kumudyetsa atakhala tsonga, kusiya kumumwetsa akayamba kutsamwa, ndi kupinda n'kuwongola mfundo zonse tsiku ndi tsiku monga a mafizo akuuzirani. Mapazi muziwatsamiza papilo kuti asagwe n'kuuma choncho. Muziyankhula naye, ngakhale ali pamakina, chifukwa nzeru zake zili bwinobwino ndipo akumva zonse. Odwala pafupifupi 8 mwa 10 amayenda okha pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale kutopa ndi dzanzi zimatsalira kwa ena.

M'gawo lotsatira ndidzabwerera muwodi, usiku womwe ndinawerenga n'kulekera pa 14.