Yona analibe buku m'mimba mwa nsomba

Mtima wanga wakhala pansi pa nkhani imene yandizunguza nthawi yaitali, ndipo ndati ndilembe zidakali zotentha. Kuwerenga Baibulo, kupemphera ndi kuimba nyimbo ndinkaziona ngati ntchito zitatu zosiyana, iliyonse yofuna nthawi yake ndi mphamvu zake. Kuwerenga kunkayenda bwino poti ndimakonda zolembalemba. Kuimba ndinkakusiyira tsiku lopita ku tchalitchi. Koma pemphero ndiye linkandikanika. Ndikangogwada mawu ankatha msanga, n'kuyamba kubwereza zomwezomwezo, mutidalitse, mutisunge, mutitsogolere, maganizo atapita kale kwina. Amene wandimasula ndi Yona, pa mutu 2 wa buku lake.

Nkhani yake sindiibwereza, abale, nonse mukuidziwa. Chimene sindinkachiona ndi pemphero lenilenilo, chifukwa munthu umalidutsa mothamanga kuti ukafike poti nsomba yamusanzira kumtunda. Ulendo uno ndinatsatira timavesi tija timalembedwa m'mbali kapena pansi pa tsamba tolozera malo ena, ndipo pafupifupi tonse tinkanditengera ku buku limodzi, la Masalimo. Pa vesi 2, pamene akunena kuti anafuulira Yehova m'nsautso yake ndipo anamuyankha, ndi mawu a Salimo 120:1 ndi Salimo 18:6. Pa vesi 3, mafunde onse a Mulungu akumudutsa pamwamba, ndi Salimo 42:7 pafupifupi liwu ndi liwu. Pa vesi 4 akuti wachotsedwa pamaso pa Mulungu, ndipo ndi zomwe zili pa Salimo 31:22. Madzi ofika mpaka pa moyo a pa vesi 5 ali pa Salimo 69:1. Ndipo mawu otsekera aja, akuti chipulumutso n'cha Yehova, ali pa Salimo 3:8.

Tsono taganizani pamene munthuyu ali. Mulibe kuwala, mulibe mpukutu woti atambasule, mulibe wansembe woti amutsogolere. Chotuluka m'kamwa mwake ndi chokhacho chimene chinalowa kale. Nanga chinalowa bwanji? Apa ndi pamene maso anga anatsegukira. Masalimo ndi nyimbo. Ambiri ali ndi mawu olembedwa pamwamba pake opita kwa mkulu wa oimba, ena amatchula zoimbira za zingwe kapena zitoliro, ena amatchula ngakhale chuni choimbira. Nthawi imeneyo mabuku ankakopedwa pamanja, munthu wamba analibe lake loti aziwerenga kunyumba. Mawu a Mulungu ankawasunga powamva ndi powaimba. Ndiye kuti mawuwo amalowa powerenga kapena pomvetsera, amakhazikika poimba, n'kudzatuluka ngati pemphero tsiku limene munthu alibe mawu akeake. Zinthu zitatu zimene ndinkazilekanitsa zija ndi njira imodzi yomweyo imene mawu amayendamo.

Ndikudziwa funso limene ena muli nalo, chifukwa nanenso ndinali nalo: kodi kumeneku si kubwerezabwereza mawu chabe kumene Ambuye analetsa pa Mateyu 6:7? Werenganinso bwino pemphero la Yona. Pakati pa mawu obwereka aja pali zinthu zimene simungazipeze m'Salimo lililonse. Zomera za m'nyanja zamukulunga mutu. Watsikira kumatsinde a mapiri. Izi ndi zake, wazionera yekha pansi pa madzi. Sakungolakatula zoloweza, watenga mawu akale n'kuikamo tsoka lake la tsiku limenelo. Wolemba Salimo 69 ponena za madzi ankafanizira mavuto ake, koma kwa Yona madziwo ndi enieni, amchere, omumiza. Mawu omwewo anakwana onse awiri.

Chinanso chimene chikundikhalabe m'mutu n'chakuti pempheroli ndi loyamika, chonsecho munthuyo akadali m'kati mwa nsomba. Sanatulukebe, sakudziwa ngati atuluke, koma akulankhula za nsembe ya chiyamiko ndi kukwaniritsa zowinda zake. Ine ndikadakhala pamenepo ndi mawu anga okha, ndikadangoti ndichotseni muno, basi. Iye nyimbo zimene ankazidziwa zinali ndi njira yake, zimayambira pa kulira n'kukathera pa kuyamika, ndipo zinamukoka mpaka kukafika kumene mtima wake pawokha sukadafika.

Nditangoona zimenezi, ndinayamba kuzipeza paliponse. Nyimbo ya Mariya pa Luka 1:46-55 ikuyenda m'mapazi a pemphero la Hana pa 1 Samueli 2:1-10, amphamvu kutsitsidwa, anjala kukhutitsidwa. Pa Machitidwe 4, Petro ndi Yohane atamasulidwa ataopsezedwa, okhulupirira sanayambe ndi vuto lawo. Anayamba ndi Mulungu wolenga kumwamba ndi dziko lapansi, kenaka Salimo 2, kenaka n'kutchula Herode ndi Pontio Pilato ngati omwe Salimolo likuwanena, ndipo pempho lenileni likubwera kumapeto, loti alankhule mawu molimba mtima. Ku Filipi, Paulo ndi Sila, misana ili mabala okhaokha, mapazi ali m'matangadza, pakati pa usiku ankapemphera ndi kuimba nyimbo, ndipo Machitidwe 16:25 akuziika ziwirizi pamodzi ngati chinthu chimodzi. Koma chimene chinandigwetsa misozi ndi cha Ambuye mwini. Atatha mgonero anaimba nyimbo asanapite ku phiri la Azitona, Mateyu 26:30. Pamtanda, mpweya ukuvuta, mawu amene anatuluka ndi a Salimo 22:1, "Mulungu wanga, Mulungu wanga, mwandisiyiranji Ine?" Ndipo popereka mzimu wake m'manja mwa Atate, pa Luka 23:46, anatenga mawu a Salimo 31:5, Salimo lomwe lija Yona anabwerekako. Ngati Mwana wa Mulungu pa ola lowawitsa sanachite manyazi kupemphera ndi mawu amene anaphunzira, ine ndinkadzipanikiza bwanji kuti tsiku lililonse ndipeke anga atsopano?

Akolose 3:16 ndinaliloweza kalekale, koma ndinkalidula pakati. Mawu a Khristu akhale mwa inu mochuluka, n'kuima pomwepo, ngati lamulo loti tiziwerenga kwambiri. Chonsecho chiganizocho chikupitirira, chikunena za kuphunzitsana ndi kuchenjezana, ndi za masalimo, nyimbo zotamanda ndi nyimbo zauzimu. Paulo sanasinthe nkhani. Akufotokoza m'mene mawuwo amakhalira mwa munthu.

Zimene ndikuchita tsopano n'zosavuta, ndipo kunena zoona sindikuona njira ina yoposa imeneyi. Ndimatenga Salimo limodzi, motsatana m'mene alili, osasankha lokoma. Ndimaliwerenga mokweza, osati chamumtima, chifukwa chamumtima maso amathamanga kusiya mtima m'mbuyo. Kenaka ndimabwerera pa mzere woyamba n'kuuyankha: mzere wa Salimo, mzere wanga, mzere wa Salimo, mzere wanga. Likanena za adani ondizinga, ndimatchula chimene chandizinga ineyo. Likanena za kukumbukira ntchito za Mulungu zakale, ndimakumbukira zanga. Pomaliza ndimasankha mzere umodzi n'kuuimba, pa chuni chilichonse chimene chabwera, kuti ndiyende nawo tsiku lonse. Kuimbako n'kofunika, musakudumphe. Mzere woimbidwa umabweranso wokha masana uli pakati pa ntchito, pamene wongowerengedwa umatsala pa tsamba.

Ndinasangalala kupeza kuti si zanga zatsopano. M'chaka cha 1535 Martin Luther analembera kalata munthu amene ankamumeta, dzina lake Peter, yemwe anamufunsa za kapempheredwe. Anamulangiza kuti atenge mawu a m'Malemba, monga limodzi la Malamulo Khumi, n'kuwapota ngati chingwe cha nkhosi zinayi: akundiphunzitsa chiyani, ndiyamikepo chiyani, ndilapepo chiyani, ndipemphepo chiyani. George Müller, uja ankalera ana amasiye ku Bristol, anafotokoza kuti kwa zaka ankayamba tsiku ndi pemphero koma maganizo ankangoyendayenda, mpaka atasintha n'kumayamba ndi kusinkhasinkha Mawu, ndipo pemphero linkadzibadwira lokha m'kusinkhasinkhako. Malamulo a Benedict a m'zaka za m'ma 500 anakonza kuti amonke azitsiriza Masalimo onse 150 pa sabata imodzi. Buku la mapemphero la mpingo wa Anglican, kuyambira 1549, linawagawa kuti azitha pa mwezi. Ndiye kuti kwa zaka mazanamazana Akhristu ankadziwa kuti sukulu ya pemphero ili pakati penipeni pa Baibulo. Ine ndafika poganiza kuti timabuku tambiri ta mapemphero a tsiku ndi tsiku munthu atha kutiika kaye pambali chaka chathunthu, n'kungotsala ndi Masalimo, osataya kanthu.

Apa ndi pamene mtima umandiwawira. Bwanji palibe anandiuza? Ndakhala pansi pa aphunzitsi ambiri, anthu abwino ndi odzipereka, koma maphunziro a Baibulo ankakhala ngati kukonzekera mayeso: analemba ndani, analembera ndani, mutchule mfundo zitatu. Ikafika nkhani ya pemphero yankho linali limodzi, lakuti pemphero ndi kungolankhula ndi Mulungu zakumtima kwako. N'zoona, sindikutsutsa. Koma mtima wanga ukasiyidwa wokha umadziwa nkhani zochepa kwambiri, za ine, za a m'banja langa, za mawa. Sungayambe wokha kupempherera mitundu ya anthu ngati Salimo 67, kapena kulira chifukwa cha oweruza okhotetsa milandu ngati Salimo 82. Kuuza wophunzira kuti angonena zakumtima, osamupatsa choti chilowe mumtimamo, ndi kumusiya pa njira.

Za nyimbo ndiye ndisayambe. Nthawi ikachepa pa mapemphero, choyamba kudulidwa ndi nyimbo: tiimba ndime yoyamba ndi yomaliza. Zolengeza sizidulidwa, koma nyimbo. Chonsecho nyimbo zambiri zakale za m'mabuku athu zinamangidwa pa Masalimo. Luther anapeka ina yotchuka kuchokera pa Salimo 46, ndipo Isaac Watts mu 1719 anatulutsa buku lathunthu la Masalimo osandutsidwa nyimbo za mpingo. Nyimbo zoterezi zili ndi ulendo m'kati mwake. Onani Salimo 13, la mavesi 6 okha. M'mavesi awiri oyamba Davide akufunsa kanayi kuti kufikira liti. Pakati akupempha kuti Mulungu amuyang'ane ndi kumuyankha, kuti angagone tulo ta imfa. Ndiyeno pa vesi 5 ndi 6 akukhulupirira chifundo cha Mulungu ndipo akuti adzaimba. Mukachotsa pakatipo mwatsala ndi munthu amene akulira kenaka mwadzidzidzi akuseka, osadziwika chamusintha. N'chifukwa chake ambiri timadziwa kuyamba ndi kumaliza, koma sitidziwa podutsa.

Nthawi nayo ndi vuto, sindibisa. Njira imeneyi sifuna changu, ndipo m'mawa ndi waufupi. Salimo 117 lili ndi mavesi awiri, koma 119 lili ndi 176, ndipo ngakhale lagawidwa m'zigawo 22 za mavesi 8, masiku ena chigawo chimodzi chokha chimandikanika kuchimaliza foni isanayambe kulira. Ndimasirira amonke aja. Iwo anamanga tsiku lawo mozungulira Masalimo, ine ndikufinyira Masalimo m'kampata kotsala.

Pali zina zimene sizinakhazikikebe, ndipo chimwemwe changa chisandibisitse zimenezo. Yona yemwe uja, pa mutu 4, akupempheranso, ndipo akugwiritsanso ntchito Malemba. Akutchula mawu a pa Eksodo 34:6, kuti Mulungu ndi wachisomo, wachifundo, wosakwiya msanga. Koma akuwatchula mokwiya, ngati mlandu woimba Mulungu chifukwa wakhululukira Nineve. Mawu anali m'kati mwake ndithu, oloweza bwino, koma sanamufewetse mtima pa anthu oposa 120,000 a mumzindawo. Ndiye kodi njira imene ndikuitamayi imasintha munthu, kapena imangomupatsa mawu abwino onenera zomwe anali nazo kale? Ndimafuna kuyankha kuti imasintha, ndipo pang'ono ndikuona ngati ikundisintha, koma Yona akundiletsa kunena motsimikiza.

Kwinaku kuli Masalimo amene sindidziwa kuti ndiwayankhe bwanji mzere ndi mzere. Salimo 88 limathera mumdima popanda kutembenukira ku chiyamiko, koma limenelo ndalilandira, pali masiku otero ndipo ndi chifundo kuti tinapatsidwa mawu ake. Ovuta ndi otemberera. Salimo 69 lomwe lija la madzi, mukafika pa vesi 22 mpaka 28, likupempha kuti maso a adani achite mdima ndi kuti afafanizidwe m'buku la amoyo. Salimo 109 likufunira ana a mdani umasiye. Salimo 137 likuthera pa makanda ndi thanthwe. Ena amati kupemphera mawu amenewa ndiko kupereka kubwezera m'manja mwa Mulungu m'malo mobwezera wekha, monga Aroma 12:19 akunenera, ndipo ndikuona nzeru yake. Ena amati tiziwapemphera m'malo mwa ozunzidwa amene ali ndi chifukwa chenicheni cholirira motero. Koma njira yanga ija imati pa mzere uliwonse ndiikepo zanga, ndipo ndikafika pa mizere imeneyi nkhope ya munthu weniweni imabwera m'maganizo, pomwe Mateyu 5:44 akundiuza kuti munthu ameneyo ndimupempherere. Kulidumpha Salimolo ndikuona ngati kubwerera ku zosankha zokoma zokhazokha. Kuliimba mokweza pakamwa pakulemera. Pakadali pano ndimangoliwerenga mpaka kumapeto osaliyankha, ndipo sindikudziwa ngati kumeneko n'kumvera kapena n'kuthawa.