Sabata imene ndinakhalira kung'amba mimba za udzudzu

Lolemba kusanache tinali kale kumidzi yozungulira Mitundu, kugwira udzudzu umene umapuma pazipupa ukakhuta magazi usiku. Timaukoka ndi kachubu n'kuuika m'makapu apepala ovundikira ndi kansalu ka neti. M'nyumba ina agogo aakazi anandifunsa kuti, "Mwanawanga, kodi udzudzuwo sudwala malungo?" Ndinawayankha kuti, "Agogo, kachilombo ka malungo kamakula m'thupi mwake, koma sikaupha msanga," ndipo funsolo silinandichoke m'mutu.

Titabwerera ku labotale mumzinda wa Lilongwe, tinapatula waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umafalitsa malungo, popeza waumuna sumwa magazi, ndipo tinausunga masiku awiri pa thonje lonyowetsa ndi madzi a shuga kuti magazi agayike.

Lachinayi ndi limene linanditengera mtima. Ndi masingano awiri ndinkasolola mimba ya udzudzu uliwonse pakagalasi, n'kudontheza mankhwala ofiira a mercurochrome. Mimba zambiri zinali zoyera, koma cha m'ma 11 koloko ndinaona timatumba titatu tozungulira ngati mikanda titamatirira kunja kwa mimba imodzi. Timatumba totere, totchedwa oocyst, ndi timene Ronald Ross, dokotala wa ku Britain, anationa ku Secunderabad m'dziko la India pa 20 Ogasiti 1897.

Kuti timatumbato tipangike, tizilombo toyambitsa malungo ta Plasmodium falciparum timadutsa pa mpanipani waukulu. Tikangochoka m'magazi ofunda a munthu n'kulowa m'mimba yozizirirapo ya udzudzu, kachilombo kakamuna kamagawanika n'kutulutsa timbewu 8 m'mphindi pafupifupi 15, ndipo kambewu kamodzi kakakumana ndi kakakazi pamabadwa kachilombo koyenda kamene kayenera kuboola khoma la mimbayo pasanathe masiku awiri. Tambiri timagayidwa pamodzi ndi magazi, tina timaphedwa ndi chitetezo cha udzudzuwo, moti timapulumuka towerengeka chabe. Komatu kathumba kamodzi kokha kamabala tizilombo masauzande, timene timasambira kupita ku tiziwalo ta malovu kukadikira munthu wina.

Ulendo wonsewu umatenga masiku 10 mpaka 14 kukamatentha, umachedwa kwambiri m'chisanu cha Juni ndi Julayi, ndipo udzudzu wambiri umafa usanathe. Ichi n'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona masikito atatchingidwa padimba la masamba, pakuti masikito onyikidwa m'mankhwala amadula moyo wa udzudzu kachilombo kasanakhwime.

Lachisanu ndinang'amba tiziwalo ta malovu, ntchito yofuna dzanja losanjenjemera, ndipo pa udzudzu umodzi tizilomboto tinatuluka ngati tiulusi topindika tosawerengeka. Puloteni ya pakhungu pa timeneti ndi imene katemera wa malungo wa RTS,S, yemwe ana a m'Malawi anayamba kulandira mu Epulo 2019, amaphunzitsa thupi kuizindikira. Nditayang'ana nambala ya pakapu, ndinapeza kuti udzudzuwo unachokera m'nyumba ya agogo aja, ndipo ndinaimbira mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti akaone adzukulu awo.