Mitundu yowala popanda utoto

Aphunzitsi anzanga a sayansi kuno ku Kasungu, ana akakufunsani chimene chimanyezimiritsa mwala wa opal, musawauze kuti ndi utoto. Ndi timibulu ta silika (chinthu chimene chimapanga mchenga wambiri) tofanana kukula, ta mananomita 150 mpaka 300 (mananomita miliyoni imodzi ndiwo milimita imodzi), todziyala tokha m'mizere ngati mazira m'thireyi. Kuwala kukagunda mizereyo kumabwerera ndi mtundu wogwirizana ndi kukula kwa timibuluto.

Kupanga mitundu yotereyi kumatheka mu labu. Timibulu timapangidwa ndi njira ya Stöber ya 1968: TEOS (tetraethyl orthosilicate, mankhwala amadzimadzi amene silika amachokerako), ethanol, madzi ndi amoniya, mazenera ali otsegula. Sakanizani timibuluto mu ethanol, pafupifupi gawo limodzi pa 100, imikani galasi lotsuka bwino m'botolomo, kenako osakhudzanso. Ethanol akamauma, amakokera timibulu pamene ethanolyo walekezera pagalasi n'kutipanikiza pamodzi.

Pogona vuto ndi kukula. Timibulu tikasiyana kukula kupitirira pafupifupi 5 peresenti, mizere imasokonekera, mumangopeza zoyera mbuu. Tikakula kwambiri, timamira tisanakwere pagalasi. Kutentha kwa mu Okutobala nako kumaumitsa msanga, zonse n'kung'aluka. Fumbi lathuli musalipeputse: vundikirani ndi ndowa, musiye kampata, ndipo tebulo lisagwedezeke.