Achemwali anati aka sungakaphe

Ine pankhani ya maluwa mbiri yanga siyabwino, ndivomereze kaye. Chilichonse chobiriwira chomwe chinalowapo m'nyumba mwanga chinatuluka chouma kapena chowola, moti tsiku lomwe achemwali anga anabwera ndi kamphika m'manja anachita kundiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Iwe, aka ndakusankhira dala. Aka ngakhale iweyo sungakaphe."

Mawuwo anandilasa ndithu koma ndinalandira ndi manja awiri. Kanali kakitasi kozungulira, kukula kwake ngati chibakera cha mwana, thupi lonse timinga toyera mbuu, pamwamba pake duwa limodzi lofiira psuu. Amakatchula kuti pincushion cactus chifukwa kamafanana ndi kakhushoni kaja amabayapo mapini atelala. Usiku womwewo ndinagwira foni kufufuza, nde ndinayamba kuwauza madamu zomwe ndapeza ngati mphunzitsi, eti dzina lake lenileni ndi Mammillaria, analipereka mkulu wina Adrian Haworth mu 1812, likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza nsonga ya bere chifukwa thupi lake ndi timatuza ngati timawere ndipo minga imamera kunsonga kwa timawere timeneto, mitundu yake ilipo pafupifupi 200 yambiri kwawo ndi ku Mexico. Madamu anamvetsera mpaka ndinamaliza kenako anangofunsa funso limodzi.

"Dzina mwalidziwa, nanga za kasamalidwe kake mwawerenga?"

Ndinati zimenezo achemwali anena kale. Ndipo zoona ananena, kuti ndikaike pazenera powala bwino, madzi ndizithira pokhapokha dothi likauma gwaa mpaka pansi, nthawi yozizira ndisamathire n'komwe. Koma mutu wangawu pa zonsezo unangosunga mawu awiri, madzi ndizithira.

Choyamba ndinaona kuti kamphika kapulasitiki kaja kakunyozetsa, ndinakasamutsira m'kapu yadothi yokongola yopanda bowo pansi, n'kuikamo dothi lakuda bii lonona lija. Chachiwiri ndinaona kuti pazenera alendo sakaona, ndinakaika pashelefu pambali pa TV, pakona pomwe dzuwa silinafikepo chimangireni nyumbayo. Chachitatu nde madziwo. M'mawa uliwonse ndisanasambe n'komwe, kajagi m'manja. Maganizo anga anali achifundo abale, ndinkati kanthu aka makolo ake avutika ndi ludzu m'miyala ya ku Mexico zaka ndi zaka, kafika kwa ine kapumeko, kadziwe kuti padziko pali anthu abwino.

Ndipo umboni woti ndikuchita bwino unalipo. Duwa lija silinkafota. Sabata, mwezi, miyezi itatu, lili psuu ngati dzulo lomwe. Kamutu kakenso kanayamba kusongoka kupita m'mwamba kali kotuwirako, ine n'kumati kakukula, osadziwa kuti kakitasi kakamatalika mowonda choncho ndiye kuti kakulira, kakufunafuna kuwala. Zithunzi pa WhatsApp osanena. Achemwali ankangoyankha ndi kankhope koseka kaja ine n'kumati nsanje.

Chinsinsi anaulula ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 6. Tsiku lina anakhudza duwa lija ndi pensulo, linangoti phuthu kugwa pansi, iye kutola n'kubwera nalo kuchipinda.

"Adadi, duwa lanu lili ndi guluu kumatako."

Ndinalitembenuza. Guluu ndithu, chibulu chake chouma, ndipo duwalo louma ngati pepala. Kani ogulitsa ena amamata maluwa ouma opaka utoto pa timakakitasi kuti tigulidwe msanga. Maluwa enieni a Mammillaria ndi ang'onoang'ono, amatuluka angapo mozungulira mutu ngati nkhata ndipo lililonse limangokhala masiku ochepa basi. Miyezi itatu yathunthu bambo wamkulu ndevu pepeya kumathirira guluu. Nditawaimbira achemwali anaseka mpaka foni inadukira, ataimbanso anati ankaganiza kuti ndikudziwa.

Sipanathe sabata kakitasi kanayamba kupendekeka ngati munthu woledzera. Ndinakakhudza ndi supuni kumunsi, kunali fwaa ngati siponji yonyowa, kwabulauni, kafungo kakenso kosakhala bwino. Nditazula mizu kunalibe, inali itasungunuka kalekale m'matope muja. Apa m'pomwe ndinakhala pansi n'kuwerenga zomwe madamu anandifunsa tsiku loyamba zija. Kanthu aka madzi kamasunga m'thupi mwake, ngakhale timabowo take topumira kamatsegula usiku kuti dzuwa lisakamwere madzi, ndipo timizu take timafuna dothi lolowa mpweya louma msanga. Ukakamiza m'madzi tsiku ndi tsiku sikakana, kamangowola mwakachetechete kuyambira pansi, pamwamba kakuoneka bwinobwino, pomwe uzidzazindikira maliro anachitika kale.

Mwayi wake m'mbali munali tiana tiwiri tomwe tinali tolimbabe. Ndinatidula ndi mpeni woyera, n'kutisiya pamthunzi sabata yathunthu kuti bala liume, chifukwa ukadzala bala lili laliwisi kamawolanso. Kenako kamphika kabowo pansi, dothi pang'ono losakaniza ndi mchenga wokhakhala ndi timiyala tambiri, pazenera pomwe ananena achemwali poyamba paja. Ndiye lamulo lovuta kuposa onse, osathira madzi. Madamu anachita kubisa kajagi kaja. Ndinkadzuka m'mawa manja akuyabwa ngati munthu wosiya fodya, kuima pazenera kumangotiyang'ana, iwo ali kukhitchini n'kumakuwa, "Bambo a mwana, ndakuonani, chokanipo pamenepo!"

Kamodzi kanafa, ndipo aka ndikuvomera kuti ndinakathirira mobera usiku. Kena kotsalako ndinatsala pang'ono kukamaliza ndi sipiriti, nditaona toyera ngati thonje pakati pa timawere tija ndinati ndi tizilombo tija timayamwa madzi a zomera, ndinakhala ola lonse ndi kathonje kotokosera m'khutu ndikupukuta, kani ndi ubweya wake wachibadwa. Kanapirira. Timakakitasi timapirira zambiri, chomwe sitipirira ndi chikondi changa basi.

Zaka ziwiri zinadutsa. Ndinaphunzira kulowetsa kamtengo m'dothi kuti ndione ngati lauma, kuthira madzi ambiri kamodzi mpaka atuluke pansi kenako kuiwalako masabata, miyezi yozizira osathira. Ndipo kupuma kouma kwa nthawi yozizira kumeneko n'komwe kumathandiza kuti kachite maluwa. M'mawa wina ndinaona timitu tapinki tatuluka kuzungulira pamwamba, nkhata yeniyeni, yopanda guluu. Ndinakoka kamodzi pang'ono kuti nditsimikize, musandiweruze.

Apa ndinati achemwali aone okha ndi maso, chithunzi angati ndamatanso. Pazenera kuwala kunkachokera kumbuyo kakitasi n'kumaoneka kakuda, nde ndinakanyamula n'kukaika pampando wapafupi ndi chitseko pomwe pankawala bwino. Ndinaimba vidiyo kolo. Netiweki inavuta, ndinayamba kuzungulira pabalaza foni m'mwamba, apa ayi, apa ayi, mpaka nkhope ya achemwali inatulukira. Moni, za ana, za alamu, achemwali anga akayamba nkhani salekeza, anayamba kundifotokozera za bondo lawo kuyambira pomwe linayambira, ine miyendo inatopa, ndinabwerera m'mbuyo pang'ono maso ali pafoni n'kukhala pansi.

Ndinali nditavala kabudula wopyapyala wogonera.

Abale, pali kukuwa kwina komwe munthu sudziwa kuti uli nako m'thupi. Foni inauluka, achemwali anangoona denga likuzungulira n'kumva "Mayo ineee!", galu wa aneba anayamba kuuwa. Ndinadzuka ngati ndaponyedwa, koma vuto linali lakuti sindinadzuke ndekha. Mtundu wangawu uli m'gulu la aja minga yapakati imakhota kunsonga ngati mbedza, zaka ziwiri ndinkaisirira kuti ndi yokongola, tsiku limenelo ndinadziwa ntchito yake. Kakitasi kanazuka mumphika n'kutsala kali lende kumbuyo kwanga, dothi ndi timiyala waa pansi ponse, ine kuzungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake, ndikafuna kukagwira zala nazo zabayidwa.

Madamu anabwera akuthamanga, anaima pakhomo, anayang'ana, n'kubwereranso kukhitchini. Ndinamva akuseka kumeneko kaye kuti amalize, kenako anabwera nkhope yaulemu atanyamula nyuzipepala. Anaipinda kangapo ngati lamba, n'kukulunga kakitasi, momwe amachitira posamutsa, n'kunena kuti ndigone chafufumimba pasofa.

"Musakoke!" ndinatero.

"Nanga mupita nako kuntchito?"

Minga ya mbedza siimatuluka ndi mphamvu, imafuna kuipotoza motsata kukhota kwake umodziumodzi, nde anatenga kopanira kaja amazulira nsidze n'kuyamba ntchito, mwana atagwira tochi ya foni akuwerenga mokweza ngati ali m'kalasi. Atafika pa 17 anasokoneza n'kufunsa ngati tingayambirenso. Timinga ting'onoting'ono tosagwirika tija madamu anati njira yake ndi kupaka guluu woyera uja wa mapepala, kudikira aume n'kumatula. Ndinagona pamenepo theka la ola ndikudikira guluu aume kumatako, mawu a mwana wanga a zaka ziwiri zapitazo akundibwerera m'mutu limodzilimodzi.

Ndipo nthawi yonseyi foni yoyamba ija inali pansi pa tebulo, kolo isanadulidwe. Tinazindikira titamva kamawu kakuchokera pansi, kotopa ndi kuseka, "Alamu, mwafika pa zingati?"

Ine ndili chigonere choncho funso langa linali limodzi, kakitasi kali bwanji. Madamu anati bambo inu mutu wanu suli bwino, koma anakaika pambale pamthunzi. Patapita masiku angapo ndinakadzalanso, nyuzipepala m'manja, nditaimirira chifukwa kukhala kunali kusanayambe kutheka. Mbali imodzi inaphwanyika, minga yake yambiri inatsala mwa ine, koma mbali inayo timitu tija tinatseguka ndithu, timaluwa tapinki tisanu, theka la nkhata.

Ndinajambula kali pazenera pomwepo, kuwala koipa komweko, n'kutumiza ndi mawu akuti mwaona, sikanafe. Achemwali anayankha pasanathe mphindi.

"Ndinati sungakaphe. Sindinati ukakhalire."