Mmene ndinalondolera mapazi a filimu ya akuba ng'ombe ya mu 1918

Filimu imene ndakhala ndikuifunafuna imatchedwa The Phantom Riders, ndipo inatuluka ku America mu Januwale 1918 kuchokera ku kampani ya Universal. Woyendetsa ntchito yoijambula anali John Ford, ali mnyamata wosakwana zaka 25, ndipo wosewera wamkulu anali Harry Carey, amene m'mafilimu ambiri a nthawi imeneyo ankasewera ngati Cheyenne Harry. Ndinakumana ndi dzina lake pamene ndinali kuwerenga mndandanda wa ntchito zoyambirira za Ford, ndipo pambali pake panali mawu akuti filimuyi inatayika. Mawu amenewo anandikhala pamtima kwa masiku angapo, mpaka ndinaganiza zofufuza ndekha kuti ndidziwe chimene chinatsalapo. Ndikulemba njira imene ndinatsata kuti wina wofuna kulondola filimu ina yakale asataye nthawi ndi bandulo ya intaneti m'malo amene ine ndinasocheramo.

Ndinayamba ndi kutsimikiza kuti filimuyi inaliko ndithu, ndiponso kuti anaipanga ndani. Pa ichi ndinagwiritsa ntchito kaundula wa American Film Institute, amene ali pa intaneti ndipo salipiritsa. Kaundulayu amapereka mayina a osewera, kampani, nthawi imene filimu inatuluka ndi chidule cha nkhani. Ndinalemba zonsezi m'kope, chifukwa mafilimu a makauboyi a zaka zimenezo ali ndi mayina ofanana kwambiri, ndipo munthu akapanda kugwiritsitsa chaka ndi kampani amapezeka kuti akulondola ng'ombe ya khola lina.

Kuchoka apo ndinapita ku nkhokwe ya Library of Congress ya ku Washington, imene ili ndi kaundula wa mafilimu aatali opanda mawu amene akalipo, ndi malo amene akusungidwa. Kaundulayu anatuluka pamodzi ndi lipoti la David Pierce la mu 2013, ndipo ziwerengero za m'lipotilo zinandiziziritsa nkhongono. Pa mafilimu aatali 10,919 amene anapangidwa ku America kuyambira 1912 mpaka 1929, pafupifupi 70 pa 100 alionse anatheratu, ndipo 14 okha pa 100 ndi amene alipo athunthu m'maonekedwe amene anatulukira poyamba. Ena otsalawo ndi zidutswa, kapena makope a kunja, kapena makope aang'ono osaoneka bwino. Filimu yanga ili m'gulu lalikulu lija la otayika.

Apa ndinaima kaye kuti ndimvetse chimene chinapha mafilimu ochuluka chotere, popeza kudziwa mmene chinthu chinatayikira kumathandiza kudziwa koyang'ana. Mafilimu a nthawi imeneyo ankajambulidwa pa lamba wa nitrate, amene amagwira moto msanga, ndipo akayaka sazimitsika ndi madzi chifukwa amadzipangira yekha mpweya woyakira. Ngakhale asapse, lambayu akakhala pofunda ndi pachinyezi amayamba kumata, chithunzi n'kufufutika, mpaka mpukutu wonse umasanduka ufa wofiirira m'chitini mwake. Moto unawononga nkhokwe ya kampani ya Fox ku Little Ferry, New Jersey, mu 1937, ndipo wina unagwira nkhokwe ya MGM mu 1965. Koma za Universal n'zopweteka mwanjira ina, chifukwa mu 1948 kampaniyi inawononga dala mafilimu ake ambiri opanda mawu amene anali atatsala. Mafilimu olankhula atafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, akalewo ankaoneka ngati katundu wongodya malo, ndipo siliva wa pa lambayo ankatha kugulitsidwa. Ndimaona kuti chimenechi ndicho chifukwa chachikulu chimene mafilimu oposa 20 amene Ford ndi Carey anapangira limodzi pakati pa 1917 ndi 1921 anatsala owerengeka ndi zala.

Gawo limene linanditengera nthawi yaitali, komanso limene linandipatsa zambiri, linali la manyuzipepala a eni nyumba zoonetsera mafilimu. Media History Digital Library inajambula masamba a magazini akale monga Moving Picture World, Motion Picture News, Exhibitors Herald ndi Moving Picture Weekly, imene inali ya Universal yomwe, ndipo onsewa amafufuzika kudzera pa tsamba lotchedwa Lantern. Madzulo oyamba ndinalakwitsa polemba dzina lakuti John Ford, ndipo sindinapeze kanthu kogwirika. Munthuyu pa nthawiyo ankadziwika kuti Jack Ford, ndipo dzina lakuti John anayamba kuligwiritsa ntchito pa mafilimu mu 1923. Komanso magaziniwo sankasamala kwenikweni za woyendetsa kujambula. Dzina lokopa anthu linali la Harry Carey. Nditasintha n'kuyamba kufufuza dzina la Carey pamodzi ndi mutu wa filimu, n'kuchepetsa nyengo kuti ikhale miyezi yoyambirira ya 1918, masamba anayamba kubwera. Kompyuta imawerenga molakwika zilembo zakale zofufutika, choncho nthawi zina ndinkangotsegula magazini yonse ya sabata imeneyo n'kumaitembenuza tsamba ndi tsamba, ndikukulitsa chithunzi mpaka madontho a inki akuonekera.

Nkhani ya filimuyi, monga mmene magaziniwo anaifotokozera, ndi yakuti Cheyenne Harry akulowetsa ng'ombe zake m'chigwa cha Paradise Creek kuti zikadye msipu, koma chigwacho chili m'manja mwa Dave Bland, mtsogoleri wa gulu la akuba ng'ombe okwera pa akavalo. Bland akusonkhanitsa anthu ake, akubalalitsa ng'ombe za Harry, kenaka akufuna moyo wa mwini wakeyo, ndipo pakati pa mkanganowo pali mtsikana amene anaseweredwa ndi Molly Malone. Kuti ndimvetse kulemera kwa nkhani yotere kwa oonera a mu 1918, ndinawerengako za mmene ng'ombe zinkawetedwera kumadzulo kwa America. Kumeneko ng'ombe sizinkagona m'khola. Zinkangoyenda m'madambo aakulu opanda mpanda, ndipo umwini wake unkadziwika ndi chizindikiro chootchedwa pachikopa ndi chitsulo chamoto. Wakuba ankasintha chizindikirocho powonjezera mizere, kapena ankadinda chake pa ana a ng'ombe amene anali asanadindidwe. Dzina lakuti wakuba linkagwiritsidwanso ntchito ndi eni ng'ombe olemera pofuna kuthamangitsa alimi ang'onoang'ono, monga zinachitikira ku Johnson County, m'chigawo cha Wyoming, mu 1892. Ena mwa amene ankalipira pakhomo kuti aonere Carey anali atabadwa kale pamene zimenezo zinkachitika.

Chinthu china chimene sindinkayembekezera n'chakuti Exhibitors Herald inkasindikiza mndandanda wa zigawo zimene bungwe loona za mafilimu la mzinda wa Chicago linkalamula kuti zidulidwe. Kwa wofufuza filimu yotayika mindandanda yotereyi ndi chuma, chifukwa imatchula mpukutu ndi chochitika chenichenicho, monga munthu akuwomberedwa kapena chingwe chikuikidwa m'khosi. Anthu amene ankafuna kuti zinthuzo zisaonedwe ndi amene anazilemba mwatsatanetsatane kuposa wina aliyense, ndipo ndikulangiza aliyense wofufuza filimu ya zaka zimenezo kuti asadumphe masamba amenewo.

Nditamaliza za mapepala ndinatembenukira ku maiko akunja, chifukwa ndi kumene mafilimu ambiri a ku America anapulumukira. Kope la filimu likatumizidwa kutali, n'kuzungulira m'mizinda mpaka kutha ntchito, nthawi zambiri silinkabwezedwa chifukwa mtengo wotumizira unkaposa phindu lake, ndipo linkangotsalira m'nyumba ya woonetsa mafilimu kapena ya wosonkhanitsa zakale. Straight Shooting, filimu yaitali yoyamba ya Ford ya mu 1917, inapezeka m'nkhokwe ya ku Prague mu 1966. Bucking Broadway, ya chaka chomwecho, inatulukira ku France. Ku Dawson City, kumpoto kwa Canada, mipukutu yoposa 500 inafukulidwa mu 1978 pamalo amene kale panali dziwe losambiramo, itasungidwa ndi nthaka yozizira, ndipo ku New Zealand kunapezeka mafilimu 75 a ku America amene analengezedwa mu 2010. Vuto lake n'lakuti kunjako mitu ya mafilimu inkasinthidwa, ndipo mawu olembedwa oonekera pakati pa zithunzi ankamasuliridwa, moti chitini chikhoza kukhala pa shelefu zaka zambiri chili ndi dzina lachilendo. N'chifukwa chake m'makalata amene ndinalembera nkhokwe ziwiri za ku Ulaya sindinatchule mutu wokha. Ndinaikamo chaka, kampani, mayina a osewera, dzina la chigwa ndi chidule cha nkhani, kuti wosunga mafilimu athe kuyerekeza ndi mipukutu imene sinadziwike mwini wake. Nkhokwe imodzi inandiyankha mwaulemu patapita milungu ingapo kuti ilibe kope lotero.

Pofuna kuona ndi maso chimene mapepala sangapereke, ndinaonera Straight Shooting kawiri, popeza muli Carey ndi Malone omwewo ndipo inajambulidwa miyezi yochepa chabe m'mbuyo mwake. M'menemo ndinaona mmene Ford ankaimikira kamera m'kati mwa nyumba yamdima kuti munthu aonekere pakhomo kuwala kuli kumbuyo kwake, ndi mmene okwera akavalo ankatsikira m'phiri ali timadontho patali mpaka kudzaza chithunzi chonse. Ndinaonanso mmene Carey ankayendera mosafulumira ngati munthu amene watopa ndi ulendo wautali. Zimenezi ndinazilemba m'kope momwe muja, moyang'anizana ndi chidule cha The Phantom Riders, ndipo ndikamawerenga za gulu la Bland likuthamangitsa ng'ombe m'chigwa ndimatha kuganizira fumbi lake ndi mtunda umene kamera ikanaima.

Tsamba lomaliza la kopelo ndinalilemba mu 2024, pamene kunamveka kuti The Scarlet Drop, filimu ina ya Ford ndi Carey ya chaka chomwecho cha 1918 ndi kampani yomweyo ya Universal, yapezeka ku Santiago, m'dziko la Chile, m'nyumba yosungiramo katundu imene inali pafupi kugwetsedwa. Usiku umenewo ndinatenga kalata ija, n'kuipeza womasulira m'Chisipanishi, ndipo ndinawonjezera nkhokwe za ku South America pa mndandanda wa malo oti ndiwalembere.