Mawu othokoza nditalandira digiri yanga ya Social Work ku Zomba

Sabata yatha dzina langa linaitanidwa mu Great Hall ku Zomba, ndipo ndinalandira digiri yanga yoyamba ya Social Work (maphunziro a chisamaliro cha anthu) kuchokera ku Yunivesite ya Malawi. Amayi anga analuluta mpaka mawu anasasa, ndipo pofika madzulo ankangolankhula ndi manja. Patsikulo anthu anali ambiri, kotero sindinathe kugwira chanza aliyense amene anandisenza pa ulendowu, ndipo ena mwa iwo sadziwa n'komwe kuti ndinamaliza. N'chifukwa chake ndalemba mawu awa poyera.

Ndiyamba ndi inu, amayi. Bambo atamwalira ndili Fomu 2 pa sekondale yoyendera ya kwathu ku Phalombe, panali achibale amene anakulangizani kuti mwana wamkazi wafika pa msinkhu, ndipo kulimbana ndi fizi n'kudzivuta chabe. Simunakangane nawo, chifukwa si khalidwe lanu, koma m'mawa mwake munasenza nandolo kupita naye kumsika, ndipo ndalama yake munakapereka kusukulu. Pamene ndinasankhidwa kupita ku Chancellor College, monga inkatchedwa nthawi imeneyo, munandifunsa kuti maphunziro amenewa ndi a chiyani, popeza mphunzitsi mumamudziwa, namwino mumamudziwanso. Ndinalephera kukuyankhani bwino, ndipo munangonena kuti, "Bola ukamalize." Ndamaliza, amayi.

A malume, inu mwini mbumba, munagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndipeze ndalama ya basi, matiresi ndi lendi ya miyezi yoyamba ku Chikanda, kumene ophunzira ambiri osowa malo ogona pasukulu amachita lendi. Ndithokozenso amayi a banki m'khonde ya m'mudzi mwathu, amene anabwereketsa amayi anga ndalama kangapo konse, ndipo anawadikira modekha pamene mvula inavuta. Ngongole ya fizi ndinaipeza ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, ndipo ndikulemba pano kuti onse amve: ndidzaibweza ndikayamba kulandira malipiro, chifukwa m'mbuyo mwangamu muli ana ena amene akuyembekeza thumba lomwelo.

Zaka zimene tinali pasukulu sizinayende mowongoka. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ndinabwerera kumudzi kumene netiweki inkagwira pachulu chimodzi chokha kuseri kwa tchalitchi. Mu 2021 koleji yathu inasanduka yunivesite yoima payokha, moti tinalowa pa dzina lina n'kutuluka pa dzina lina. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kandalama kamene kankandifikitsa kumapeto a mwezi kanayamba kuthera pakati. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, iwe amene unkaphika nsima ya anthu awiri ndi ufa wako n'kumanama kuti waphika yambiri mwangozi, ndinkadziwa, ndipo ndikuthokoza kuti sunandichititse manyazi.

Koma chimene chandichititsa kulemba motalika chonchi ndi zimene zinachitika mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atafika m'chigawo cha kummwera, mvula inagwa masiku angapo osalekeza, ndipo madzi, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri a Mulanje ndi Michesi monga momwe zinachitiranso ku Soche mu mzinda wa Blantyre. Amayi anaona napolo wa 1991 ali mtsikana, choncho atangomva mkokomo usiku sanadikire kuti aone. Anadzutsa azing'ono anga awiri n'kuthawira kumtunda ndi zovala za m'thupi zokha. Nyumba inapita, munda unakwiririka ndi mchenga, ndipo anansi athu ena sanapezeke mpaka lero. Ine ndinali ku Zomba, foni ya amayi siinkagwira, ndipo ndinatha masiku atatu ndisakudziwa ngati ndili ndi kwathu.

Nditawapeza, anali pa msasa wa anthu othawa madzi pa sukulu ina ya pulayimale. Tsiku lotsatira kunabwera olemba mayina, ndipo ndinaima pamzere m'malo mwa amayi, amene miyendo inali itatupa. Mtsikana amene ankalemba anali wa msinkhu wanga, ndipo mafunso amene ankandifunsa anali omwewo amene ndinali nditawaphunzira m'kalasi: muli angati pakhomo, mutu wa banja ndani, alipo wolumala kapena wodwala matenda a mgonagona, mwataya chiyani. M'kalasi mafunso amenewa ndinkawaona ngati opepuka. Pamzere paja, anthu akumvetsera kumbuyo kwanga, ndinazindikira kuti kutchula umphawi wako mokweza pamaso pa anthu a m'mudzi mwako n'kolemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Mtsikanayo anaona kuti mawu akundikanika, anatseka kope lake, nanditengera pansi pa mtengo kuti timalizire kumeneko tili awiri. Dzina lake sindinafunse, ndipo mwina sadzawerenga mawu awa, koma achemwali, pa zonse zimene ndaphunzira za ulemu wa munthu wothandizidwa, phunziro lanu ndi limene linakhazikika.

Ndinabwerera kusukulu mochedwa, mutu uli kumsasa, ndipo ndinalephera phunziro limodzi la kafukufuku. Ndinali nditatsimikiza zosiya kuti ndikafune ganyu yomangira amayi nyumba. Aphunzitsi anga ena, mayi amene ankatiphunzitsa za chitetezo cha ana, anandiitanira mu ofesi mwawo, ndipo sanandinyengerere ndi mawu okoma. Anandiwerengera miyezi imene inatsala, anandifunsa kuti ganyu ingandipatse zingati pa miyezi imeneyo, kenaka anandisiya kuti ndiwerengere ndekha. Ndinalembanso mayesowo ndipo ndinakhoza. Mayi, zikomo kwambiri. Anzanga a m'kalasi anasonkha ndalama, zovala ndi ziwiya, ndipo a kumpingo kwathu anaumba njerwa za nyumba imene amayi akukhalamo tsopano, yomwe tamanga patali ndi khwawa.

Ndithokoze mwapadera akuluakulu a ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, imene ambiri amangoitchula kuti kwa a Social Welfare, kumene ndinakaphunzira ntchito. Kumeneko ndinaona kuti malamulo amene tinkaloweza ali ndi nkhope za anthu. Tinkadziwa kuti lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana linakhazikitsidwa mu 2010, kuti lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndiponso kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana. Koma kukachotsa mtsikana pa ukwati n'kosiyana ndi kuyankha funso la mayeso, chifukwa makolo amene anamukwatitsa amakhala ali pomwepo, nkhokwe ili mbee, ndipo amakufunsa kuti mwana mukumubwezayu adya chiyani. Bambo amene ankandiyang'anira anandiphunzitsa kuyamba ndi mfumu, kukhala pamphasa nthawi yaitali, kulumikizana ndi apolisi a nthambi yothandiza ozunzidwa pamene pali mlandu, ndiponso kubwereranso pakhomopo patatha mwezi kuti tikaone ngati mwanayo akupitadi kusukulu. Iwo ankati ulendo wachiwiriwo ndiwo ntchito yeniyeni, ndipo ndi umene umavuta kwambiri pamene njinga yamoto ilibe mafuta.

Anandiphunzitsanso kulemba malipoti opita ku bwalo la milandu ya ana, ofotokoza kumene mwana wachokera ndi chimene chinamufikitsa pa mlanduwo, kuti woweruza asaone mlandu wokha. Tinkayenderanso sukulu za mkombaphala ndi mabanja olandira Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira ku Mchinji mu 2006 yothandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wotha kugwira ntchito. Kunena zoona, ndisanapite kumeneko ndinali m'gulu la anthu amene amati ndalama zoterezi zimalimbikitsa ulesi. Nditakhala pansi ndi agogo ena olera zidzukulu zinayi, amene anandionetsa mayunifolomu ndi nkhuku zimene anagula, ndinasiya kulankhula choncho. Ndithokozenso ogwira ntchito yoteteza ana m'midzi, amene amayenda pa njinga zakapalasa mitunda italiitali, ndipo nkhani zambiri zimafika ku ofesi kudzera mwa iwo kapena pa nambala yaulere ya 116.

Kwa inu amene mwakhala mukundifunsa moseka ngati ndinapita ku yunivesite zaka zonsezi kukaphunzira kugawa ufa, sindikukwiyirani, chifukwa nanenso poyamba sindinkadziwa. Ufa umagawidwa ndithu, ndipo ine ndaudyapo wa pamsasa. Koma pamsasa pomwepo pamafunika wina woonetsetsa kuti atsikana akugona motetezeka, kuti mwana wotayana ndi makolo ake walembedwa ndipo abale ake akufunidwa, ndiponso kuti agogo osatha kuima pamzere sanadumphidwe. Yankho limene ndinalephera kupatsa amayi nditangosankhidwa ndi limeneli, ngakhale kuti iwo analiona ndi maso awo ndisanawafotokozere.

Azing'ono anga, munadya zochepa kuti ine ndiphunzire, ndipo fizi yanu tsopano ili pa mutu panga. Ntchito sindinaipeze, ndipo makalata ofunsira ndayamba kale kutumiza. Pakadali pano ndikuthandiza mongodzipereka ku ofesi imene ndinaphunzirako ntchito. Loweruka likubwerali tidzakhala ndi mapemphero othokoza Mulungu kunyumba kwa amayi, kuyambira 10 koloko m'mawa, ndipo a malume alonjeza mbuzi yachitatu. Amene mukudziwa njira bwerani, koma mukumbukire kuti nyumba siilinso pamalo akale. Mukafika pa mjigo mukhotere kumtunda.