NaNofe anayamba ali ndi ndevu

Ku kalabu yathu ya sayansi anatiuza kuti aliyense apeke kamunthu kojambula koti kazifotokozera ana a ku pulayimale nkhani ya zaumoyo. Ine ndinasankha udzudzu. Mumtima ndinkati apa ndiye palibe ntchito, nanga alipo wosadziwa udzudzu?

Ndinajambula chimwamuna cha ndevu, mkondo m'manja, maso ali psuu ngati chagonera kachasu. Mnzanga wina kwawo ndi ku Mtakataka, kumene udzudzu sukhala wa apa ndi apo ngati kuno kozizira ku Dedza boma. Atangochiona anafa nazo: "Aise, wamwamunatu saluma." Ndinatsutsa mpaka tinatsegula buku. Anali kunena zoona. Woluma ndi wamkazi, ndipo magaziwo amawafunira mazira ake. Wamwamuna amangomwa timadzi ta m'maluwa. Chimodzi chokha ndinalasa mwangozi: tinyanga ta wamwamuna n'taubweya, ndiye ndevu zija zinali zake ndithu, koma mlandu sunali wake.

Ndinang'amba pepalalo n'kuyambiranso. Dzina ndinatenga ku Anopheles, mtundu umene umafalitsa malungo, n'kuliveka Na- wa amayi akwathu, basi NaNofe wabadwa.

Kaimidwe kake kanandidyera masiku atatu. Anopheles akatera sagona chafulati, amaloza mutu pansi, kumbuyo kuli m'mwamba. Ndikamujambula choncho ankaoneka ngati wagwa, mpaka ndinakumbukira mayi wowerama akupalira mbatatesi. Ndinamumanga chitenje m'chiuno, miyendo isanu ndi umodzi ikutulukira kunsi, ndipo anakhala. Mtundu ndinabwereka ku zojambula zoyera za m'mapanga a Chongoni, amene bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, UNESCO, linawazindikira mu 2006. Choko pa pepala lakuda chinakwana.

Mkondo uja ndinauchotsa nditawerenga za Ronald Ross, amene mu 1897 ku India anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. NaNofe sabadwa nato. Amatitenga akaluma munthu wodwala, tiziromboto timakula mwa NaNofeyo kwa masiku 10 kapena kuposerapo, kenako timafika m'malovu ake, ndiye wolumidwa pambuyo pake watenga. Choncho ndinamusenzetsa kamtolo pamutu, katundu wa eni ake. Ena ku kalabu akuti ndamukometsa kwambiri, ana samuopa. Ine sindikufuna amuope, ndikufuna afunse kuti mtolowo wautenga kuti, chifukwa yankho lake ndi limene limafikitsa pa neti ndi pa kuthamangira kuchipatala thupi likatentha.

Agogo atamuona anangoti, "Nanga mayiyu ana ake ali kuti?" Ndiye sabata ino ndikujambula mphutsi m'chithaphwi. Za Anopheles zimagona chopingasa m'madzi chakumwamba kwenikweni, ndipo ndafufuta kale kawiri chifukwa dzanja likumangoziimiritsa.